MTIMA NDI LAMULO: ZA KUPHUNZITSA ANA ATHU KUSANKHA COYENERA

(Mau amene ananenedwa pa msonkhano wa Bungwe lathu. Tawalemba m'kalata muno kuti mafumu ndi abale amene sanathe kufika cifukwa ca kutalika kwa mtunda awerenge, ndi kudza nao maganizo ao pa msonkhano ulinkudza.)

 Ine ndine kalaliki cabe, wozolowera kulemba mau a ena, ndipo kulankhula pamene pakhala eni dziko si nchito yanga. Koma popeza mwandituma, ndinena monga ndikhoza.

Funso limene mwandipatsa ndi ili: tiwaphunzitse bwanji ana athu kuti, pofika pa mphambano pamene njira ina ipita ku cabwino ndi ina ku coipa, asankhe bwino, pangakhale palibe wakuwapenya? Ambiri a ife tinaliyankha kale funsoli, kuti mwana auzidwe malamulo, awaloweze, ndipo akawalakwira alangidwe. Ine ndifuna kunena lero kuti yankho limenelo liri loperewera. Cisoni, cifundo, manyazi, mkwiyo ndi mantha, zimene tiziyesa zosokoneza nzeru, ndizo zimene zigwira dzanja la munthu pa ora lakusankha. Ndipo tikapanda kuziphunzitsa izo, malamulo athu onse adzakhala m'mabuku.

Ndiyambe ndi nkhani yowawa, imene ena a inu muikumbukira. M'mwezi wa January, caka ca 2016, ku Neno, mphezi inapha mtsikana wa zaka 17. Posakhalitsa anthu anagwira okalamba anai a banja limodzi, nawapha, ati ndiwo anatuma mpheziyo. Caka cotsatira, 2017, mbiri ya anamapopa inabuka ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Thyolo, nifika ku Blantyre, ndipo anthu osacepera 8 anaphedwa ndi makamu cifukwa ca mphekesera. Tsono ndifunse, mafumu: kodi akupha aja sanadziwe kuti kupha munthu nkoletsedwa? Anadziwa ndithu. Anamva mu Mpingo, anamva mu mzikiti, anamva m'sukulu ndi kwa makolo ao. Lamulo la Boma loletsa mwabvi ndi kuloza munthu cala kuti ndi mfiti linalembedwa mu 1911, zaka 105 zisanacitike za ku Neno. Lamulo linalimo m'mitu mwao. Koma m'mitima munadzala cisoni ca maliro, mantha ndi mkwiyo, ndipo lamulo linangokhala cete, monga mlendo pa bwalo la eni ace.

Ndidziwa kuti wina pano alikuti mumtima mwace, Kalaliki iwe, wadzitsutsa wekha. Ngati mtima ndiwo unapha okalamba aja, nanga si kuyenera kuti tiphunzitse ana kuutontholetsa mtima, kuti aweruze ndi mutu wokha, wozizira ngati madzi a m'mtsuko? Mau amenewo ali ndi mphamvu, ndipo sindiwapeputsa. Koma pali munthu wina amene nthenda inamcitira cimene mbale wangayo alikupempha, ndipo tione m'mene zinamthera.

Dotolo wina wa za ubongo, dzina lace Antonio Damasio, wobadwira ku Portugal koma wogwira nchito ku America, analemba mu 1994 za wodwala amene anadza kwa iye. Munthuyo anali ndi banja ndi nchito yabwino, koma m'mutu mwace, kuseri kwa mphumi, munamera cotupa. Madotolo anacicotsa, ndipo pocicotsa anacotsanso cigawo ca ubongo cimene cinaonongeka. Munthuyo anacira. Nzeru zace anaziyesa ndi mayeso ambiri, nazipeza zonse ziri m'malo mwace: kuwerengera, kukumbukira, kulankhula, ngakhale pomfunsa za cabwino ndi coipa anayankha monga nduna yokhwima pa mirandu. Cinthu cimodzi cokha cinamcokera, ndico kumva mumtima. Pomuonetsa zithunzi za nyumba zirinkupsa ndi za anthu obvulala, ananena yekha kuti adziwa kuti nzoopsa, koma sizimkhudzanso monga kale. Monga mwa mau a mbale wanga wonditsutsa uja, ameneyu akadakhala woweruza woposa ife tonse. Koma zinatembenuka. Anacotsedwa nchito; anataya cuma cace pogwirizana ndi munthu wosakhulupirika, angakhale anzace anamcenjeza; ukwati wace unatha, nakwatiranso, nuthanso. Wodwala wina wa nthenda yofanana, atauzidwa kuti asankhe limodzi mwa masiku awiri lakubweranso ku cipatala, anatha pafupi theka la ora alikuwerenga zokoma ndi zobvuta za tsiku liri lonse, osafika pa mapeto, kufikira dotolo anamsankhira.

Mutu ukhoza kuyala njira zonse pamaso pa munthu, koma cimene cimnyamula kuti ayende pa imodzi ndi kusiya zinazo ndico kumva kuti iyi yandikhudza. Makolo athu anati, wamva m'mimba ndiye atsegula citseko. Ndipo cinenero cathu cinasunga nzeru imeneyi angakhale ife taiiwala. Munthu wabwino timuchula wokoma mtima, wankhanza timuchula wouma mtima, ndipo liu lija lotitsutsa m'kati tikacimwa ndilo cikumbumtima. Sitinamvepo ndi kale lonse kuti uje ngwokoma mutu.

Pali mau enanso a m'cinenero cathu amene andisekesa. Mwana akanena malamulo khumi osaphonya, kapena mayankho onse a m'katekisimu, timati waloweza pamtima. Koma kodi afikadi pamtima? Kawirikawiri aima pa lilime. Ife amene tinaphunzira m'sukulu za Mishoni tidziwa kuti wopambana pa mayeso a Mau a Mulungu sindiye masiku onse amene anagawira mnzace mbatata. Ndipo ici anaciyesa anthu awiri ophunzira, John Darley ndi Daniel Batson, pa sukulu ya ubusa ya ku Princeton, m'dziko la America, nalemba zimene anapeza mu 1973. Anatenga anyamata 40 ophunzira ubusa, nauza ali yense kuti apite yekha ku nyumba ina akalankhule mau. Ena anawapatsa mutu wa za nchito zimene ophunzira ubusa akhoza kugwira. Ena anawapatsa fanizo la Msamariya wacifundo. Ndipo ena anawauza kuti acedwa kale, afulumire. Ena anawauza kuti nthawi ikalipo. Panjira anaikapo munthu wokhala pakhomo, mutu uli pansi, alikutsokomola ndi kubuula. Mwa iwo amene anali ndi nthawi, oposa 6 mwa 10 anaima kuti amthandize. Mwa iwo ofulumira, 1 yekha mwa 10. Kukhala ndi fanizo la Msamariya m'mutu sikunasinthe kanthu kooneka, ndipo analipo ena amene anamlumpha munthuyo pothamangira kukalalikira za wansembe ndi Mlevi amene anamlambalala wobvulala. Anyamata aja sanali oipa. Fanizo analidziwa bwino lomwe. Koma liwiro linatseka maso ao, ndipo cimene diso silinaone, mtima sunamve.

Nanga mtima uphunzitsidwa bwanji? Pano ndipempha mafumu acere khutu, pakuti zitsanzo ziwiri zimene ndiri nazo nza mafumu anzanu, ndi za anthu amene analimba mtima kuwaphunzitsa.

Coyamba muciwerenga m'buku laciwiri la Samueli, mutu 12. Davide anatenga mkazi wa Uriya, nakonza kuti mwamunayo afere ku nkhondo. Kodi Davide sanadziwe lamulo loletsa cigololo ndi kupha? Iye ndiye anali woweruza wamkuru wa dziko lonse. Mneneri Natani akadalowa ndi kumwerengera malamulo, mfumu ikadapeza mau akudzikanira nao, pakuti munthu wanzeru sasowa cifukwa. Ikadati nkhondo ndi nkhondo, asilikari amafa. Natani sanatero. Anadza ngati wobweretsa mlandu wa anthu ena: munthu wolemera, mwini zoweta zambiri, pofikiridwa ndi mlendo, analanda kamwana ka nkhosa kamodzi kokha ka mnansi wace waumphawi, kamene mwiniyo anakalera m'nyumba pamodzi ndi ana ace, nakaphera mlendoyo. Penyani luso la mneneriyo. Sanachule nkhosa cabe. Anaionetsa irikudya ndi kumwa pamodzi ndi mbuye wace, kuti womvera aikonde asanamve za imfa yace. Davide anapsa mtima, nagamula kuti wolemerayo ayenera imfa, ndi kuti abwezere kanai. Pamenepo, mkwiyo uli ciyakire ndi ciweruzo citaturuka kale m'kamwa mwa mfumu, Natani anautembenuza mkwiyowo nauloza kwa mwini wace. Davide analibenso pothawira, pakuti womtsutsa sanali Natani, koma mtima wace womwe. Mneneri sanampatse lamulo latsopano ngakhale limodzi. Anangomcititsa kumva, pa nkhani ya nkhosa, cimene anakana kumva pa nkhani ya Uriya.

Caciwiri ncakutali, ca ku China, zaka zoposa 300 asanabadwe Kristu. Kunali mphunzitsi dzina lace Mencius, amene anayenda kwa mafumu kuwalangiza za kusunga anthu. Mfumu Xuan ya dziko la Qi inamfunsa ngati munthu wonga iyo akhoza kukhala mfumu yosunga anthu ace. Mencius anati ikhoza, naikumbutsa kanthu kakang'ono kamene anamva. Tsiku lina mfumuyo inaona ng'ombe irikukokedwa kuti ikaphedwe, mwazi wace ukapatulire belu latsopano. Poona ng'ombeyo irikunthunthumira, mfumu sinathe kupirira, nilamula kuti aileke, aphe nkhosa m'malo mwace. Anthu anaseka, ati mfumu yaumira, yaona kuti nkhosa njocepa mtengo. Mencius anaiuza kuti sikunali kuumira, koma cifundo ceniceni. Cosiyana ndi ici cokha, kuti ng'ombe inaiona ndi maso, nkhosa sinaione. Ndipo anaifunsa, ngati cifundo cace cikhoza kufika pa ng'ombe, cilekeranji kufika pa anthu a m'midzi yace? Anaionetsa kuti bvuto lace silinali kusakhoza, koma kusacita.

Mphunzitsi ameneyu ndimlemekeza pa zinthu ziwiri. Sanayese kubzala cifundo m'munthu ngati mbeu yocokera kunja. Anafuna pamene cinamera kale, ngakhale pa ng'ombe, nacithirira. Koma sanaleke pomwepo ndi kuiyamika mfumu kuti njokoma mtima. Anaionetsa nkhosa. Ndipo apa ndipo pagona nkhani yonse, mafumu anga, pakuti mtima wosaphunzira uli ndi cilema cimeneci, kuti umva za iye amene ali pafupi, wooneka, wolira mokweza, ndi wa pfuko lathu. Koma za iye amene ali kuseri sumva kanthu. Ku Neno cisoni cinalipo, cocuruka ndi coona, pa mtsikana wakufayo. Cimene cinasowa ndi munthu wakuimirira ndi kuwaonetsa olirawo nkhosa yao, ndiyo okalamba anai aja, amene nawonso anali ndi zidzukulu, nawonso anali kunthunthumira.

Inu amene mukhala pa bwalo mudziwa ici koposa ine. Afika mai wamasiye wodziwa kulira, ndi mwamuna wacibwibwi amene akwiya msanga pofunsidwa. Mitima ya anthu onse ipita kwa maiyo mlandu usanayambe, ndipo nthawi zina wacibwibwiyo ndiye mwini munda. Cifundo cinapha nkhwali, anatero akale. Cifukwa cace mwambo wa bwalo uli wakuti mbali zonse ziwiri zinene kufikira zitatha mau, nduna zifunse, nkhoswe ziyankhe, ndipo mfumu ilankhule potsiriza. Ndipo mlandu ukatentha muti, Tagonani, mudzabwere mawa. Ena ayesa kuti uku nkucedwetsa cabe. Ine nditi ndi sukulu ya mtima yoposa zonse zimene tiri nazo, pakuti mwambo umenewu suletsa munthu kumva. Umkakamiza kumva kawiri, za uyu ndi za uyo, asanatsegule pakamwa.

Agogo athu anacita comweco ndi ana, madzulo pa moto. Pokamba nthano ya mwana wamasiye wozunzidwa ndi mkazi wa atate wace, sanayambe ndi kunena kuti kuzunza amasiye nkoipa. Ana anabvomera kuti tiri tonse, naimba nyimbo ya mwanayo, ena nagwetsa misozi. Pofika pa mapeto, lamulo linali litalowa kale, losaloweza. Lero m'midzi yambiri moto uja unazima, ana agona ndi wailesi ndi lamya za m'manja, ndipo m'malo mwa nthano tatsala ndi ziwiri, kulalata ndi mkwapulo.

Za mkwapulo ndinene pang'ono, ndingakhale ndidziwa kuti akulu ena sadzakondwa nane. Mwana waba mazira a nkhuku ya mai wokalamba wa pafupi. Atate wace amgwira, namkwapula. Kodi mwanayo wamva kanthu? Wamva ndithu: wamva kuwawa kwa thupi lace, wamva mantha, kapena wamvanso mkwiyo pa mai uja amene anamnenera. Zonse zimene wamva nza iye mwini. Mwini nkhuku sanalowe mumtima mwace konse, ndipo phunziro limene watenga ndi lakuti tsiku lina abe mocenjera. Koma atate wina amgwira dzanja mwanayo, napita naye ku nyumba ya mai uja, namuuza kuti apenye dengu lopanda kanthu, namfotokozera kuti mazira aja akadaswa anapiye, ndi anapiyewo ndiwo akadagula sopo ndi mcere wa gogoyo. Ndipo amleka aimirire pomwepo kufikira atapeza yekha mau akunena, namtuma akamtungire madzi masiku ena kulipa mlandu wace. Mwana ameneyu wamva manyazi ndi cisoni, ndipo zonse ziwiri zapenya kwa wolakwiridwayo. Sindinena kuti cilango cicoke. Ndinena kuti cilango cimene cisiya wolakwiridwa kunja kwa mtima wa mwana caphunzitsa ucenjezi, sicinaphunzitse cilungamo. Njira yaciwiriyo njotopetsa, idya nthawi ya kumunda, ndipo ndiyesa ncifukwa cace tikonda yoyambayo.

Kwa aphunzitsi amene ali pakati pathu pempho langa nlalifupi. Pophunzitsa za makhalidwe, musayambe ndi kulemba lamulo pa bolodi. Yambani ndi mlandu, wa anthu okhala ndi nkhope ndi njala, monga anacita Natani. Funsani ana kuti amva ciani, ndipo amvera cisoni yani. Atayankha, afunseni za munthu winayo amene palibe anamchula. Mwana akati, Ine ndikadamkantha, musamdzudzule msanga, pakuti mkwiyo pa cosalungama ndi cuma, ndipo mwana wopanda mkwiyo umenewo adzakula wopenyerera zoipa ali manja lende. Mfunseni kuti akadamkantha ndani, atamva mbali zingati, ndipo akadzazindikira m'mawa mwace kuti anakantha wosalakwa adzacita ciani.

Tsono ndifike pa zimene ndipempha Bungwe lino kuti lilingalire, pakuti sitinasonkhane kudzamva nthano za ku China cabe. Ndipempha mafumu kuti, pa masiku akuweruza mirandu yopepuka, monga ya malire a minda, ya ng'ombe zimene zadya cimanga ca mwini, ndi ya ngongole, alole anyamata ndi atsikana a m'makalasi apamwamba kukhala pa mbali pa bwalo ndi kumvera. Mirandu ya m'nyumba ndi ya cigololo ai. Imeneyo si ya ana. Bwalo litabalalika, nduna imodzi itsale nao kanthawi, iwafunse kuti poyamba mtima wao unali kwa yani, ndipo ngati unasuntha, unasuntha pa mau ati. Ndidziwa kuti ena adzati bwalo si malo a ana, ndipo kale mwana wopezeka pamenepo anapitikitsidwa. Koma kale mwana anali ndi mphala, ndi moto wa agogo, ndi atsibweni ace pafupi. Wa lero tikamcotsa pa bwalo, apita kukaphunzira kuweruza ku khamu la pa msika.

Cinanso ncolemera koposa, ndipo ndicinena ndi ulemu. Pakagwa imfa yodzidzimutsa m'mudzi, ya mphezi, ya ng'ona, kapena ya mwana amene anali bwino dzulo, mfumu imadziwa, dzuwa lisanalowe, dzina limene anthu alikunong'onezana. Pa ora limenelo kuwerenga lamulo la 1911 sikudzaletsa munthu. Ndipempha kuti cikhale cizolowezi ca midzi yathu kuti mfumu itume nduna ziwiri pomwepo, ina ikakhale ndi ofedwa ndi kulira nao, ina ikakhale pakhomo pa iye wonong'onezedwayo, poyera, kuti ali yense wodza ndi mwala apeze pamenepo nkhope imene aidziwa ndi kuicitira manyazi; ndi kuti mthenga apite kwa apolisi usiku womwewo, osayembekeza kuti kuce. Anyamata amene adzaona nduna itakhala pakhomo paja adzaphunzira usiku umodzi cimene sitikhoza kuwalembera pa bolodi.

Pali cimodzi cimene ndisiyira eni ace, pakuti ciposa msinkhu wa kalaliki: nduna yotumidwa pakhomo paja iika moyo wace pa ngozi, ndipo mafumu ndiwo adziwa ngati ipite yokha kapena ndi akulu a Mpingo ndi a mzikiti, ndi kuti mudzi uiteteze bwanji. Mkulu wa pa mpando wabvomera kuti nkhani ziwirizi zikhale zoyamba pa msonkhano ulinkudza. Mafumu amene alola kuyesa za ana pa bwalo atumize mau kwa mlembi wa Bungwe, ochula tsiku la sabata limene amaweruza ndi sukulu imene iri pafupi nao, kuti tipangane ndi aphunzitsi mvula isanayambe.